Msewu waulere, ulendo wa nkhono

Ku China, kuyambira 2012, galimoto zonyamula anthu osaposa 7 sizilipira pazipata za misewu ikuluikulu pa matchuthi anayi, kuphatikizapo cha Chaka Chatsopano chawo ndi cha pa 1 Okutobala. Ndiye zaulere simuzidziwa? Aliyense amanyamuka tsiku limodzi, mzere wake wosaona kothera, ena mpaka kutsika n'kumawongola miyendo pa phula.

Chokoma n'chakuti amawerengera nthawi yotulukira. Tchuthi chikamayamba mawa, madalaivala amaima chapafupi ndi chipata, maso pa wotchi, kudikira 12 koloko usiku. Za mafuta opsera pamzerewo, zii.

Inu a pazipata za kuno kwathu, pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, mtima m'malo, ife sitikupempha zimenezo. Ingokwirirani maenje a m'misewu yathuyi basi.