Njira yotsimikizika yophera geti la galimoto ku Kafue Estates

Nyumba zambiri za ku Kafue Estates zinamangidwira antchito a m'mafakitale, monga Nitrogen Chemicals of Zambia yomwe inatsegulidwa mu 1970 ndi Kafue Textiles, nthawi imene galimoto inali ya anthu owerengeka. Mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo zinabwera pambuyo. N'chifukwa chake chitseko chenicheni cha galaja kuno ndi geti lolowera galimoto, kaya loyenda pa njanji kaya la zitseko ziwiri. Geti lotere likhoza kukutumikirani mpaka ana anu kukula. Likhozanso kutha mvula itangogwa zaka ziwiri, ndipo njira yolithetsera ndi iyi. Zonse ndalemba pansipa zimachitikadi, ndipo chilichonse chimawononga ndithu.

Yambirani kwa wowotcherera. Musafunse za kuchindikala kwa chitsulo, funsani mtengo basi. Akakuuzani kuti, "Bwana, geti lalitali chonchi likufuna paipi ya mamilimita 2," muyankheni kuti, "Amisiri, ikani yopyapyala, penti ibisa." Paipi yopyapyala imabooka msanga ndi moto, choncho mmisiri amangodontheza timadontho m'makona m'malo mowotcherera mzere wonse. Mulekeni asiye mapaipi oimirira ali osatseka kumwamba, ndipo asaboole timabowo totulutsira madzi kunsi. Mvula ya Novembala mpaka Epulo idzadzaza mapaipiwo, dzimbiri n'kuyamba kudya kuchokera mkati momwe simuona. Tsiku lina mudzadina ndi chala pomwe penti yatupa, chala n'kulowa. Penti yofiira yoyambirira ija, ya red oxide, ilumpheni. Pakani yonyezimira pa chitsulo chamafuta ndi fumbi, idzasupuka yokha.

Mizati yake ikumbireni dzenje losaya, mchenga wambiri, simenti pang'ono, ndipo geti mulipachike m'mawa mwake. Konkire amafuna kuthiriridwa madzi pafupifupi sabata yathunthu ndipo amafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Mukamusenzetsa katundu asanakhwime, mzati umapendekera. Ngati geti ndi la zitseko ziwiri, kanani chitsulo chopingasa chochokera kona ya kunsi kufika kona ya kumwamba, poti chimaipitsa maonekedwe. Posachedwa mphuno ya geti idzayamba kulima pansi, ndipo aliyense wotsegula azidzayamba walinyamula kaye.

Pa geti la njanji ndi pomwe pali ntchito yambiri. Njanjiyo iikeni motsikira, pomwe madzi onse a pabwalo amadutsa potuluka kumsewu, kuti mvula iliyonse izisiya matope ndi timiyala. Musasese. Geti likayamba kulira, tengani girizi wakuda wa galimoto, kapena oyilo wakutha amene mwakhetsa mu injini, mupake njanji yonse. Anthu ambiri amachita zimenezi ndi mtima wabwino, poganiza kuti akusamala, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa palibe chopha mawilo msanga kuposa chimenechi. Mawilo amayenera kugubuduka pa njanji youma ndi yoyera. Girizi amagwira fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, n'kusanduka phala lamchenga lomwe limapala chitsulo nthawi iliyonse geti likayenda. Mchengawo ukalowa m'mabeyaring'i, wilo limaleka kuzungulira n'kuyamba kukhwekhwereza. Mukagwada n'kuyang'ana, mudzaona mbali imodzi ya wilo yadyeka n'kukhala yafulati, ikunyezimira, ndi tinyenyeswa tachitsulo tomatirira pa girizi. Musasinthe wilolo. Kankhani ndi phewa, itanani anyamata awiri, menyani ndi phazi mpaka geti lonse lipindike.

Likafika polemera chonchi, guliranitu mota. Sankhani yaing'ono, osayang'ana kulemera komwe inalembedwa kuti ingakoke, ndipo muimangirire pa geti lomwelo losakonza. Mota idzavutika kukoka, mano ake adzadyeka, kenako idzapsa. Batire lake la mavoti 12 liiwaleni. Ngakhale magetsi a Kafue Gorge amapangidwa pafupi pomwepa, mu 2024 chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 17 pa tsiku, ndipo batire laling'ono lomwe limatheratu moto tsiku ndi tsiku osadzazanso silichedwa kufa. Kiyi womasulira mota kuti geti likankhidwe ndi manja mutayeni m'dirowa yomwe simudzaikumbukira, kuti usiku wina wodwala akafuna kupita kuchipatala galimoto itsekeredwe mkati. Bokosi la mota musalitsegule n'komwe. Nyerere ndi abuluzi zimakonda kufunda kwa mmenemo ndipo zimapsereza mawaya. Mmisiri akabwera kudzawotcherera pena pake, musamukumbutse kuchotsa mawaya a mota. Moto wowotcherera udzayenda m'geti lonse n'kukaotcha bolodi la mota.

Ochepa omwe ali ndi galaja yeniyeni, ya chitseko chokwera mmwamba ndi sipuling'i, amasule okha sipuling'iyo ndi sikuludiraiva. Imakhala itapotedwa ndi mphamvu yonyamula chitseko chonse, ndipo ikapulumuka imathyola zala kapena nsagwada.

Mukatsatira zonsezi, geti lidzathera kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo, ndipo mwina lidzasungunulidwa kufakitale ya Kafue Steel konkuno. Mpaka pamenepa chachikulu chimene mwataya ndi ndalama.

Chatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene chandilembetsa nkhaniyi. Kumapeto kwa njanji kumayenera kukhala chitsulo cholimba choimitsa geti, ndipo kumwamba, pa mzati, kumakhala timawilo togwira geti kuti lisagwere chammbali. Njira yolakwika ndi yosavuta: choimitsacho chikathyoka ikanipo mwala kapena njerwa, timawilo takumwamba tikamasuka mangani ndi waya. Kenako zolowerani kufika madzulo n'kuliza hutala kuti wina adzatsegule. Tonse tikudziwa amene amathamangira kukatsegula. Si bambo, si mayi. Ndi mwana wa giredi 3 kapena 4, kapena mtsikana wothandiza pakhomo ali ndi khanda kumsana. Geti lolimba pa njanji limafuna kukankha ndi mphamvu zonse, ndipo likangomasuka limathamanga. Likadumpha mwala uja limatuluka m'timawilo takumwamba, palibenso choligwira, ndipo limagwa chafufumimba. Geti la mamita 4 lokutidwa ndi chitsulo limalemera kuposa matumba awiri kapena atatu a simenti. Mwana sangalithawe, ndipo sangalinyamule likamugwera pachifuwa.

Zina zonsezi mukhoza kuchita ngati ndalama ndi zanu, koma ichi chokha ndikukupemphani, bambo ndi mayi a nyumba, ngakhalenso inu ochita lendi: pitani lero kumapeto kwa njanji mukaone ngati choimitsa chilipo, mugwedeze geti muone ngati timawilo takumwamba tikuligwira. Ngati mwapeza mwala kapena waya, itanani wowotcherera, ndipo mpaka atabwera tsikani m'galimoto muzitsegula nokha.