Chigumu cha agogo ndi njerwa yanga

Mlungu wathawu ndinalengeza pakhomo panga kuti Khirisimasi ya chaka chino sitigula keke. Ana anandiyang'ana ngati ndanena kuti tikusamukira kumanda. Mayi a kunyumba sanadzutse n'komwe mutu pampunga umene amasankha, anangoti, "Zatha eti?" Ndinawayankha kuti nkhani si ndalama ayi, nkhani ndi chikhalidwe. Inu ndi ine tikudziwa kuti nkhani inali ndalama.

Ndinawalonjeza chigumu. Osati chija chapamsika chouma ngati chigamba cha nsapato, koma chenicheni, cha agogo anga a ku Thekerani, chimene ena amachitcha chikondamoyo chifukwa ukachilawa umasiya kudandaula za dziko.

Ife kale sukulu ikatsekera mu Disembala, mayi amatikweza sitima pa Limbe. Imadutsa Luchenza, Khonjeni, Sandama, ikuyenda monyinyirika ngati mkamwini wopita kukalima kwa apongozi. Tikafika timapeza mango ali mbwee pansi, ngumbi zikutuluka mvula ikangokalata, ife matope mpaka m'makutu. Pa 25 pamaphikidwa mpunga ndi tambala amene tamuthamangitsa mudzi wonse kuyambira m'mamawa. Fanta imakhala imodzi, ana anayi, aliyense kuika chala pabotolo posonyeza malire, ndipo milandu ya malire amenewo ina sinathe mpaka lero. Malaya atsopano amagulidwa aakulu, ati tikuliramo. Anga ena ndinakuliramo ndili Sitandade 8.

Koma mfumu ya tsikulo inali chigumu. Agogo amasankha nthochi za kabuthu zakupsa mpaka khungu kuda, zija munthu wam'tauni angataye. Amazikanya m'mbale yaikulu, kuthira mgaiwa, kamchere, kasoda, ndi shuga ngati amalume akumbukira kubweretsa. Kenako amayala tsamba la nthochi mupoto, kuthiramo phalalo, makala pansi, makala ena pachivundikiro. Sikelo analibe, wotchi analibe. Amangonunkhiza mpweya ali chikhalire pamkeka n'kunena kuti, "Chapsa icho, kaphuleni."

Ine udindo wanga unali wokupiza moto, ndipo pamenepa ndi pomwe ndinadzipatsa digiri ya zachigumu. Chaka china, chikuzizira m'khitchini, ndinachitembenuza n'kukumba pansi pake ndi supuni, pang'ono chabe, kungofuna kuona ngati chapsadi. Ndinaona kasanu ndi kawiri. Agogo pochidula pamaso pa alendo, mpeni unangogwera m'phanga. Ndinafulumira kunena kuti ndi makoswe, chonsecho palibe anandifunsa. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Khoswe wa kuno waphunzira, mpaka kudyera supuni."

Ndiye Loweruka ndinati ndiyeserere, kuti tsiku lenilenilo ndisadzachite manyazi. Vuto linayambira pamsika. Thyolo yomwe inkadyetsa Blantyre yense nthochi inalowedwa ndi matenda a chisaka, minda n'kuzulidwa, moti zambiri zomwe tikudya masiku ano zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mtengo wake wogulitsa amautchula akuyang'ana kumbali. Ndinagula zisanu, ziwiri zili zosapsa bwino, ndipo mfundo imeneyi muisunge, ndidzaifuna pa apilo.

Mayi a kunyumba anati andithandize. Ndinakana. Munthu wokupiza moto zaka zisanu ndi chimodzi angauzidwe chiyani? Mgaiwa ndinathira ndi dzanja ngati agogo, kuiwala kuti dzanja langa ndi fosholo. Pasoda ndinaganiza kuti ngati kasupuni kamodzi kamafufumitsa, masupuni atatu afufumitsa katatu. Masamu ndinkakhoza ine. Tsamba la nthochi m'tauni muno mulibe, ndinangopaka mafuta. Makala ndinaunjika pachivundikiro ngati ndikuwotcha uvuni wa njerwa, n'kukakhala pakhonde kumvera mpira pawailesi, kudikira kuti mphuno indiuze.

Mphuno yomwe inanena inali ya aneba. Anagogoda kufunsa ngati tikuwotcha matayala.

Chomwe chinatuluka mupotomo chinakana kutuluka, tinachita kuchigogoda ndi mpini wa khasu. Kunja chakuda bii, m'kati phala losapsa, kakomedwe kake ka sopo wochapira. Galu anachinunkhiza, anandiyang'ana, n'kupita kukagona kuseri kwa bafa. Ine monga mutu wa banja ndinadya chidutswa chonse ndikumwetulira, misozi ikulengeza, ndikufotokoza kuti zakudya zamakolo zimafuna kuzizolowera. Mwana wamkulu anati wakhuta. Wachiwiri anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi homuweki, pa holide. Wamng'ono ndiye anachigwiragwira, n'kufunsa mwaulemu wake wonse, "Adadi, agogo anu aja anamwalira ndi chimenechi?"

Mayi a kunyumba sananene kanthu. Anangotenga poto wawo n'kumuyang'anitsitsa pansi, poto wa pa ukwati wathu, kenako anandiyang'ana ine momwe anandiyang'anira agogo tsiku la khoswe lija.

Keke taoda kale. Ndalama yake ndakongola kubanki m'khonde ya mayi omwewa, pachiwongoladzanja, pamodzi ndi ya poto watsopano. Chigumucho sitinataye. Chitseko cha kukhitchini chinkangodzitsekera chokha kukachita mphepo, pano chasiya.