Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale Pa Foni

Makolo amene anati walira mvula walira matope ankanena za mlimi amene Okutobala yense amangoti maso kumwamba, kudandaula kutentha, koma ikangogwa masiku atatu wayamba kale kutukwana njira yoterera. Sankadziwa kuti mwambi wawo udzalowa m'foni. Mu Okutobala wa 2022, mwezi womwewo wolira mvula, Elon Musk anagula Twitter pa madola 44 biliyoni, ndipo khamu la anthu linayamba kulira mvula ya mtundu wina. Ankafuna malo ochezera opanda bwana mmodzi amene angadzuke m'mawa n'kusintha malamulo, kuchotsa ntchito pafupifupi theka la antchito, kubweza amene anathamangitsidwa kale, ngakhale kufufuta dzina lenilenilo. Zonsezi Musk anachitadi. Pofika Julayi 2023 kambalame ka chizindikiro cha Twitter kanali katauluka, patsala chilembo X.

Mitambo inali itazinga kale. Mastodon, imene Eugen Rochko wa ku Germany anatulutsa mu 2016, si nyumba imodzi monga Facebook. Ndi pulogalamu yaulere imene aliyense wodziwa makompyuta angaiike pa seva yake n'kuitana anthu. Maseva oterewa alipo masauzande, ndipo amamvana chifukwa onse amatsata ndondomeko imodzi yotchedwa ActivityPub, yomwe bungwe la W3C linavomereza mu 2018. Muziganiza midzi yambiri, uliwonse ndi nyakwawa yake ndi malamulo ake, koma njira zoyenderana zili zotsegula: uli kwanu konko umatha kutsatira munthu wa mudzi wina n'kumamuyankha. Otsatsa malonda kulibe. Makina okusankhira zoti uone kulibenso, zolemba zimangobwera motsatana monga zalembedwera. Ndani sangaombe m'manja?

Matope amayambira pakhomo penipeni. Usanapereke ndi moni womwe, akufunsa kuti ukhala seva iti. Munthu wozolowera kungolemba dzina ndi mawu achinsinsi amaima pamenepo kukanda m'mutu, ndipo ambiri anabwerera pomwepo. Mu 2023 eni pulogalamuyi anayamba kulozera alendo ku mastodon.social, seva yaikulu imene amayendetsa okha, nzika zakale n'kuyamba kung'ung'udza kuti tikumanganso mzinda womwe tinauthawa.

Ukalowa umakumana ndi nyakwawa, amene kumeneko amati adimini. Kawirikawiri ndi munthu wongodzipereka, wolipira seva kuchokera m'thumba mwake kapena ndi zopereka za anthu ake. Masana ali ku ntchito ina, usiku akuwerenga madandaulo: uyu wanditukwana, uyu waika chithunzi cholaula, uyu akungondinyansa. Mauthenga amseri pa Mastodon sakhala otsekedwa mwachinsinsi, ndiye adimini atafuna atha kuwawerenga. Aliyense amene anakhalapo m'gulu la WhatsApp la pachibale kapena la kutchalitchi akudziwa zimene ufumu waung'ono umachita kwa munthu yemwe kale anali wofatsa. Ndipo nyakwawa imatopa. Mu 2023 mwini seva ya mastodon.lol analengeza kuti akuitseka, anthu atakangana koopsa pa nkhani ya masewera a pakompyuta a Hogwarts Legacy. Pangano la maseva a Mastodon limanena kuti wofuna kutseka achenjeze anthu kudakali miyezi itatu, ndipo kusamuka n'kololedwa. Otsatira ako amasamuka nawe, koma zonse zimene unalemba zimatsala ku mudzi wakale. Anthu anathawa mpondamatiki wosinthasintha maganizo n'kukagwera m'manja mwa munthu wosowa tulo.

Chida chachikulu cha nyakwawa ndi kutseka njira. Seva ina ikadzaza ndi anthu achipongwe, adimini amatha kuichepetsa mawu kapena kuidula kotheratu, moti anthu ake saonanso chilichonse chochokera kumeneko. Mu 2019 Gab, malo otchuka ndi anthu a tsankho ku America, anatenga pulogalamu ya Mastodon n'kuyamba kuigwiritsa ntchito. Maseva ambiri anawatsekera njira nthawi yomweyo, osadikira kalata yochokera ku likulu, popeza likulu lake kulibe. Apa ndiye ndimavula chipewa. Koma mpeni umene unadula Gab ndi womwewonso umadula pa timikangano ta maadimini awiri. Umadzuka m'mawa, mnzako amene mwakhala mukuseka naye chaka chonse wazimiririka. Sanakubuloke, sanamwalire. Nyakwawa yako ndi yake zayambana pa nkhani imene nonse awiri simunaimve n'komwe. Pamene Meta, kampani ya Zuckerberg mwini Facebook, inatsegula malo ake ochezera a Threads mu Julayi 2023 n'kunena kuti idzalumikizana ndi ActivityPub, maadimini ena anali atasainirana kale lonjezo loti adzaitsekera njira, mlendoyo asanafike ndi pamphambano pomwe.

Nawo maseva osiyidwa ali ndi zawo. Mu Febuluwale 2024 mauthenga achabechabe anasefukira paliponse, ambiri akuchokera ku timaseva ting'onoting'ono timene eni ake anasiya khomo lolembetsera lili pululu n'kupita kukachita zina. Amene anagwira ntchito yokolopa ndi maadimini ongodzipereka aja.

Tsono tifike pa sefa wa munthu payekha, chifukwa apa m'pamene mvula ndi matope zimagwa limodzi. Mastodon imakupatsa zida zabwino ndithu. Munthu ungamutseke pakamwa iye osadziwa, ungamubuloke, ungabuloke seva yonse. Ungalembenso mawu amene sufuna kuwaona, n'kusankha ngati zolemba zokhala ndi mawuwo zibisike kuseri kwa chenjezo kapena zisowe kotheratu, kwa ola limodzi, kwa tsiku, kwa sabata kapena mpaka kalekale. Pansi pake pali kabokosi kochonga kofunsa ngati sefayo azigwira liwu lathunthu lokha.

Tiyerekeze bambo wina watopa ndi ndale. Alemba "ndale" mu sefa, achonga kabokosi kaja, apumira m'mwamba. Mawa lake "andale", "wandale" ndi "zandale" akudutsa akuimba mluzu, chifukwa kwa makina amenewo ndi mawu ena. Bamboyo akwiya, achotsa chongacho kuti sefa azigwira paliponse pamene zilembo zisanuzo zatsatana. Tsopano andale agwidwa. Agwidwanso "ndalemba", "ndaleka", "ndalephera" ndi "ndaledzera". Mphwake alemba mokondwa kuti ndalembedwa ntchito, anthu onse amuyamikira, malume ali chete. Patapita mwezi akumana pamaliro, mwana akupereka moni wa nsonga za zala, malume osadziwa chimene analakwa. Mwayi wawo ndi woti "ndalama" inapulumuka ndi chilembo chimodzi.

Kuonjezera apo, okonda ndale enieni salemba n'komwe liwu loti ndale. Amatchula anthu ndi maina ongopeka, amaika chithunzi chokhala ndi mawu mkati mwake, chimene sefa wa mawu sangachiwerenge. Ndiye mndandanda umangotalika, lero dzina ili, mawa mwambi uwo, mpaka munthu amene anabwera kudzapuma akupezeka akudziwa maina onse achipongwe a ndale kuposa amene amazikonda, popeza kuti uletse liwu uyenera kuyamba walidziwa.

Palinso mwambo wa chenjezo. Wolemba amatha kuphimba nkhani yake ndi kamutu kakafupi, kuti wofuna adine yekha. Cholinga n'chabwino, makamaka pa nkhani za imfa, nkhanza kapena matenda. Koma maseva ena anaukulitsa mwambowu mpaka chakudya, mpaka chithunzi cha nkhope yoyang'ana kamera. Mlendo amaika chithunzi cha nyama yowotcha, asanatsuke ndi m'manja momwe wina wamulembera mwaulemu wonse kuti kuno timaphimba zimenezo. Winanso amayankha kuti kuphimba nkhani ya tsankho limene munthu wakumana nalo n'kumutseka pakamwa. Mkangano umenewu sunathe, ndipo sindikuona kuti udzatha, chifukwa onse awiri ali ndi mfundo.

Bluesky, imene inayamba ngati ganizo la Jack Dorsey mkati mwa Twitter mu 2019 n'kutsegulidwa kwa aliyense mu Febuluwale 2024, inayesa njira ina. Kumeneko ungabwereke sefa wa munthu wina. Pali magulu amene amamata zizindikiro pa zolemba, iwe n'kungosankha kuti zokhala ndi chizindikiro chakuti zisamaoneke. Palinso mindandanda ya anthu oyenera kubulokedwa: ukadina kamodzi, onse apita. Khoti lalikulu la ku Brazil litatseka X kumapeto kwa Ogasiti 2024, anthu mamiliyoni anathamangira ku Bluesky n'kupeza zida zimenezi zikuwadikira. Vuto lake n'loti wolemba mndandanda nayenso ndi munthu. Lero akulemba achipongwe enieni, mawa wawonjezera amene anamutsutsa pa nkhani ya mpira, iwe osadziwa kuti wasiya kulankhula ndi anthu amene sunawaonepo. Komanso ku Bluesky kubuloka si chinsinsi. Amene ali ndi chidwi atha kufufuza kuti wabuloka yani, ndipo alipo anthu amene amakhalira kuwerenga amene awabuloka ngati akuwerenga mbuzi za m'khola.

Pamenepa wina angati bwanji osangobwerera kwa bwana mmodzi uja. Ine ayi. Kwa Musk ndi kwa Zuckerberg kusefa kulipo ndithu, kungoti kumachitikira kuseri, ndi makina komanso antchito amene sudzawaona, potsata malamulo amene angasinthe usiku umodzi. Ndipo makinawo amakonda kukubweretsera zokupsetsa mtima, popeza munthu wokwiya sazimitsa foni msanga. Ku maseva odziimira paokha zonyansa sizichepa, koma umadziwa amene wakutsekera njira, ungamulembere, ndipo akakukwana ungasamuke. Chimene sindivomereza ndi ulaliki wa anthu ena woti kumeneko n'kumwamba. Ntchito imene kampani inkalipira anthu masauzande yangogawidwa kwa ongodzipereka ndi kwa iwe mwini, ndipo palibe amene anakuuza zimenezi tsiku lolembetsa.

Ukatopa ndi nyakwawa zonse, njira yomaliza ilipo, ndipo anthu amaitsatadi: kutsegula seva ya munthu mmodzi. Dzina la seva ulipira chaka ndi chaka, malo ake mwezi ndi mwezi, pulogalamu ikatuluka yatsopano uikonza wekha, ikagwa pakati pa usiku woidzutsa ndiwe. Malamulo ulemba wekha, ndipo palibe angakuthamangitse. Tsiku lina wina akutukwana kuchokera ku seva ina. Udina batani lodandaula, ufotokoza bwinobwino mmene wakulakwira, utumiza kwa adimini. Foni ilira m'dzanja lako lomwelo kuti kwabwera dandaulo latsopano. Uliyang'ana, uona kuti ndi lalitali, unena kuti ndiliona mawa.