Mlonda waulereyu amadya chiyani?

Ndili ndi mafunso angapo okhudza antivayirasi, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa za makompyuta kuti mundimvetsere moleza mtima. Ine laputopu ndimalembera makalata, ndimasungamo zithunzi za ana komanso kaundula wa gulu lathu la banki m'khonde. Zimenezi kwa ine ndi chuma, ndipo zitatayika mtima ungandipweteke kwambiri. N'chifukwa chake nkhani yoziteteza sindiiona mopepuka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ndifunsa, ngakhale mafunso ena amveke ngati a mwana.

Ndiyambire posankha. Munthu aliyense amene ndimamufunsa amatchula dzina lake. Uyu akuti ikani Avast, uyo akuti AVG, winanso akuti Avira ndiye sinyengerera vayirasi. Mnyamata wa pamalo osindikizira mapepala sakhulupirira china koma Smadav. Ndinadabwa nditamva kuti Avast, yomwe inayambira mumzinda wa Prague, inagula AVG mu 2016, ndipo pasanapite nthawi ziwirizi zinayamba kufufuza mavayirasi ndi injini imodzi. Kampani ya ku America imene imapanga antivayirasi ya Norton inagula Avira ya ku Germany, kenako mu 2022 inaphatikizana ndi Avast yomwe ija n'kutenga dzina loti Gen Digital. Ndiye anthu awiri akamatsutsana mpaka kutuluka thukuta kuti pakati pa Avast ndi AVG yabwino ndi iti, kwenikweni akutsutsana chiyani? Ndipo ine ndikati ndasankha, ndasankha chiyani, poti Avast, AVG, Avira ndi Norton mwini wake ndi mmodzi?

Funso lachiwiri ndi limene limandisowetsa mtendere. Antivayirasi ine ndimaiona ngati mlonda wa pageti. Mlonda amachezera usiku wonse, ndipo mwezi ukatha amalandira zake. Ntchito ya mlonda wa m'kompyutayu nayonso si yamasewera. Bungwe la AV-TEST, lomwe lili mumzinda wa Magdeburg ku Germany ndipo ntchito yake ndi kuyesa mapulogalamu amenewa, limanena kuti tsiku lililonse limaona mapulogalamu atsopano oipa kapena okayikitsa oposa 450,000. Kuti kampani ithane ndi chiwerengero chotere, iyenera kulemba ntchito akatswiri ambiri, kugula makina akuluakulu ndi kulipira magetsi. Nanga ikandipatsa ine zonsezi osandilipiritsa ngakhale tambala, iyoyo imadya chiyani?

Mayankho ena ndinawamva, ndipo ndi omveka. Pa anthu mamiliyoni amene amatenga yaulere, ena amadzagula yolipira. Komanso kompyuta iliyonse imene ili ndi pulogalamuyo imakhala diso la kampani: ikakumana ndi fayilo yachilendo imatumiza uthenga kulikulu, akatswiri n'kudziwa msanga kuti kwabadwa vayirasi yatsopano. Mpaka apa ndilibe dandaulo. Koma pali yankho lachitatu. Mu Januwale 2020, atolankhani a Motherboard ndi PCMag anaulula kuti Avast inkasonkhanitsa mbiri ya masamba a pa intaneti amene anthu ankatsegula, n'kumaigulitsa kudzera mu kampani yake ina yotchedwa Jumpshot. Jumpshot inatsekedwa mwezi womwewo. Mu 2024, bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linalamula Avast kuti ilipire madola 16.5 miliyoni, ndipo linailetsa kugulitsanso mbiri yotereyi kwa otsatsa malonda.

Apa m'pamene mutu wanga umaima. Antivayirasi timaipatsa ufulu umene sitipatsa pulogalamu ina iliyonse. Imatsegula fayilo iliyonse, imaona tsamba lililonse limene talowa. Ngati amene tamuika kuti atilondere ndi yemweyo akulemba mayendedwe athu, nanga iyeyo amamuyang'anira ndani? Ndipo mawu ataliatali aja amene timangodina kuti tavomereza poika pulogalamu, ndani wa ife anawawerengapo mpaka kumapeto?

China chondidabwitsa ndi ichi. Kompyuta ya Windows 10 kapena Windows 11 imabwera ndi antivayirasi yakeyake, Microsoft Defender, yomwe imayamba ntchito tsiku loyamba lomwelo. Sigulidwa padera, chilolezo chake sichitha chaka chikatha, ndipo imateteza popanda kupempha nambala ya khadi la kubanki. Mabungwe oyesa, monga AV-TEST lomwe lija ndi AV-Comparatives la ku Innsbruck ku Austria, akhala akuiika m'gulu la zochita bwino m'zaka zaposachedwazi. Nanga n'chifukwa chiyani munthu akangogula laputopu, mawu oyamba amene amamva ndi oti "ilibe antivayirasi, tikuikireni"?

Ndikuganiza kuti ndi chizolowezi chochokera kale. Windows XP ndi Windows 7 zinalibe antivayirasi yokwanira m'kati mwake. Microsoft inatulutsa Security Essentials mu 2009, koma munthu ankayenera kukaikopera yekha pa intaneti. Antivayirasi yathunthu inayamba kubwera pamodzi ndi Windows mu 2012, pa Windows 8. Amene anaphunzira ntchito m'masiku a XP ankanena zoona pa nthawi yawo. Koma malangizo amene anali oona kalelo, tizingowatsatirabe osawaunikanso?

Ndinafunsanso kuti, ngati imodzi ndi yabwino, ziwiri si ndiye bwino koposa? Anandiyankha kuti ayi, ndipo chifukwa chake ndinachimva. Antivayirasi yoyang'anira nthawi zonse imagwira fayilo iliyonse isanatsegulidwe kuti iione kaye. Zikakhala ziwiri zimalimbirana fayilo imodzimodziyo, kompyuta imayamba kuchedwa, ndipo nthawi zina ina imayesa kuti inzakeyo ndi vayirasi. N'chifukwa chake Defender imapatuka yokha munthu akaika ina. Zimene zimatha kukhala pambali popanda mkangano ndi zija zopangidwira kuthandizira chabe. Malwarebytes yaulere imafufuza pokhapokha mwaiuza. Smadav, imene imachokera ku Indonesia, eni ake amanena okha kuti ndi chitetezo chachiwiri, makamaka cha mafulashi. Ndiye ngati eni ake akuti ndi yachiwiri, bwanji m'maofesi ena timapeza Smadav ili yokhayokha, Defender itazimitsidwa?

Nkhani ya zatsopano zimene antivayirasi imafuna ndiyo yozunguza kwambiri, chifukwa mauthenga a pa sikirini amaoneka chimodzimodzi pomwe akunena zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi mndandanda wa zizindikiro za mavayirasi odziwika, umene antivayirasi imayerekeza nawo fayilo iliyonse. Umenewu umasintha tsiku ndi tsiku, ndipo ndi waulere. Chachiwiri ndi pulogalamu yeniyeniyo, imene eni ake amaikonza kuti izitha kugwira ngakhale vayirasi yosadziwika poona zochita zake, mwachitsanzo chinthu chikayamba kutseka mafayilo ambirimbiri nthawi imodzi. Ichinso ndi chaulere. Chachitatu ndi kuchoka pa yaulere kupita pa yolipira chaka ndi chaka. Kawirikawiri yolipirayo imazindikira mavayirasi mofanana ndi yaulere ya kampani yomweyo, ndipo chimene imawonjezera ndi zina monga VPN, posungira mapasiwedi ndi zoyeretsera kompyuta.

Ziwiri zoyambazo ndiwo moyo wa antivayirasi. Chachitatucho ndi malonda. Nanga bwanji chachitatuchi ndicho chimabwera ndi zilembo zofiira ndi mawu oopseza, pomwe ziwiri zofunikazo zimachitika mwakachetechete kapena zimabisala m'kati? Munthu ngati mayi anga akaona chenjezo lofiira loti kompyuta ili pangozi, adziwa bwanji ngati ndi ngozi yeniyeni kapena akungomutsatsa malonda? Ndipo chenjezo likamabwera tsiku ndi tsiku popanda choopsa chilichonse, tsiku limene choopsacho chidzafikedi, sadzangolitseka mwachizolowezi?

Akuba nawonso anapezerapo mpata. Tsamba la pa intaneti limatha kutulutsa uthenga wofanana ndi wa antivayirasi, woti lapeza mavayirasi ndipo mudine apa kuti achoke. Tsamba wamba silingathe kufufuza mafayilo a m'kompyuta yanu, ndipo chimene mungakopere mukadina pamenepo ndicho chingakhale vayirasi yeniyeni. Makampani oona akamalankhula nafe moopseza, sakuona kuti akuwaphweketsera ntchito achinyengowa?

Kwathu kuno palinso vuto la bandulo. Anthu ambiri amazimitsa zonse zodzikopera zokha kuti data isathe msanga, ndipo sindingawadzudzule. Koma antivayirasi imene yakhala miyezi osalandira mndandanda watsopano ikudalira zimene inkadziwa kalelo, ngakhale kachizindikiro kake kakuonekabe pakona pa sikirini. Mu Windows Security mumalembedwa tsiku limene mndandandawo unabwera komaliza, ndipo aliyense akhoza kuliona. Microsoft imaikanso pa tsamba lake mndandanda wonse wa Defender ngati fayilo imodzi, yoti munthu mmodzi akhoza kukopera n'kuika m'makompyuta ena opanda intaneti. Bwanji m'masukulu ndi m'maofesi athu sitichita zimenezi, mmodzi n'kumakopera sabata iliyonse, m'malo moti aliyense awononge bandulo yake kapena akhale wosatetezeka?

Fulashi nayo ili ndi funso lake. Vayirasi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu wa IBM PC, yotchedwa Brain, inalembedwa mu 1986 ndi abale awiri a ku Lahore ku Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi. Inkayenda pa madisiki ochotseka, kuchoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo. Lero kuli intaneti, koma njira yakaleyo ikadalipo. Mwana wasukulu amapita ndi fulashi kukasindikiza ntchito yake, pobwera n'kupeza mafoda onse asanduka mashotikati. Ambiri amayesa kuti zonse zafufutika, n'kufomata fulashiyo. Chonsecho kawirikawiri mafayilowo amakhala alipo, vayirasi yangowabisa, ndipo shotikati iliyonse yaikidwa dala kuti mukaidina vayirasiyo ilowe m'kompyuta yanu. Kufufuza fulashi musanaitsegule kumatenga mphindi zochepa, ndipo wodziwa amabwezeretsa mafayilo obisikawo ndi lamulo lalifupi la attrib. Bwanji pamalo osindikizira sapachika kapepala kofotokoza zimenezi, ana asamataye ntchito imene anachezera nayo?

Palinso chimene ndimachiona kwa okonza makompyuta ena. Akamaika Office kapena pulogalamu ina yosagula, yothyoledwa, amayamba azimitsa antivayirasi, amati imasokoneza. Ena amaika ngakhale antivayirasi yolipira imene nayonso yathyoledwa. Ndikufunsa ndi mtima wonse, achimwene: munthu amene anathyola pulogalamuyo sitimudziwa, sanatilipiritse kanthu, ndipo pempho lake loyamba ndi loti mlonda achoke pageti. Tikumukhulupirira chifukwa chiyani? Kodi sikungakhale bwino kuika LibreOffice, imene ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel?

Funso lomaliza ndi lalikulu kuposa antivayirasi yeniyeniyo. Pa 12 Meyi 2017, vayirasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, n'kumafuna dipo la madola 300 kuti iwatsegule. Ku Britain zipatala zambiri za boma zinabweza odwala ndi kuimitsa maopaleshoni. Bowo limene vayirasiyo inalowera linali mu Windows momwemo, ndipo Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera bowolo mu Malichi, miyezi iwiri izi zisanachitike. Amene anagwidwa anali asanaike chotsekeracho. Ndiye kuti antivayirasi yabwino ndi mbali imodzi chabe. Windows yeniyeniyo iyenera kumalandira zokonza zake, apo ayi vayirasi ipeza polowera.

Apa ndi pamene ndimada nkhawa ndi anthu ngati ine. Microsoft inasiya kukonza Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Windows 10 nayo chisamaliro chake chinatha pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa kuti awonjezeredwe nthawi. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akale alibe. Koma malaputopu akalewo, ogwiritsidwa kale ntchito kunja, ndi amene ambiri a ife timakwanitsa kugula.

Pa zonse zimene ndamva, maganizo anga ndi awa. Ndisiya Defender izigwira ntchito yake, ndizilola kuti iyo ndi Windows zizilandira zatsopano, ndizifufuza fulashi ndisanaitsegule, ndipo mafayilo ofunika ndiziwasunganso pa disiki ina imene sikhala yolumikizidwa ku kompyuta. Koma izi zikuthandiza amene makina ake akusamalidwabe. Nanga mphunzitsi amene wasunga ndalama miyezi yambiri n'kugula laputopu ya Windows 7, timuuza chiyani? Kuti aike antivayirasi yaulere n'kukhazika mtima pansi, pomwe bowo lililonse lopezeka kuyambira pano silidzatsekedwanso? Makina otere akhoza kuikidwa Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imalandirabe zokonza. Nanga amuphunzitse ndani kuigwiritsa ntchito?

Inu ogulitsa ndi okonza makompyuta, zonsezi mumazidziwa kuposa ine, ndipo ife ogula timakhulupirira zimene mwatiuza. Pempho langa ndi loti munthu akabwera ndi ndalama zake m'manja, musanamufunse kuti akufuna antivayirasi iti, muyambe mwamuuza kuti Windows imene ili m'laputopuyo idzasamalidwa mpaka liti, ndipo tsikulo likadzakwana achite chiyani.