Khoswe Akakhala pa Database

Makolo athu ankati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Sikuti khosweyo ndi wamphamvu ayi, vuto ndi mkhatewo. Ukatukula chibonga iye amangokuyang'ana, ndevu zili gwedegwede, podziwa kuti ukamenya waswa mkhate, madzi atayika, ndipo madzulo ukafotokoze bwino kwa mayi a kunyumba.

Khoswe wa masiku ano adapita kusukulu. Chimanga alibe nacho ntchito. Mkhate umene amaukonda ndi database ya kampani, momwe muli mayina a makasitomala, ngongole, malipiro a antchito ndi zonse zimene kale zinkagona m'mafayilo a fumbi. Akalowamo sanyamula katundu n'kuthawa ngati mbala wamba. Amakhoma zonse ndi loko wakewake, kiyi n'kuika m'thumba, kenako n'kukulemberani kalata yaulemu kwambiri: lipirani mwakuti, apo ayi zanuzi mwaziona komaliza. Akatswiri amati ransomware. Katundu ngwanu, ali m'nyumba mwanu momwe, koma mukugwada kupempha kuti mumugwireko.

Mu Meyi 2021 khoswe wotere adakwera pa mkhate wa Colonial Pipeline, kampani yopopa mafuta m'mapaipi kuchokera ku Texas kupita kum'mawa kwa America. Kampani idachita mantha n'kutseka mapaipi kwa masiku angapo. Azungu adalawako mizere ya mafuta, ndipo posazolowera adasokonezeka mpaka boma lidachita kuwachenjeza kuti asamathire petulo m'majumbo apulasitiki. Akadatifunsa ife tikadawauza za zigubu. Kampaniyo idalipira pafupifupi madola 4.4 miliyoni mu bitcoin kwa gulu lotchedwa DarkSide.

Nanga khosweyo adalowera pati? Pa akaunti imodzi yakale ya VPN, imene palibe ankaigwiritsanso ntchito koma palibenso adakumbukira kuitseka. Inkangofuna pasiwedi basi, popanda chitseko chachiwiri chija chofunsa nambala yobwera pa foni. Una umodzi, kampani yonse gwa!

Koma tisawaseke kwambiri. Lowani mu ofesi iliyonse muone. Pasiwedi ya abwana ndi dzina la mwana wawo woyamba ndi chaka chimene adabadwa, ndipo zonsezi adazilengeza okha pa Facebook tsiku la phwando. Ya akauntanti ili pa kapepala kachikasu komata pa kompyuta pomwepo, kuti khoswe asavutike. Kalaliki amene adachotsedwa ntchito chaka chatha akaunti yake idakali moyo, ikudikira. Kompyuta ikapempha update, aliyense amadina kuti mawa, ndipo mawalo lidayamba kalekale. Ikabwera imelo yakuti mwapambana mphoto pa mpikisano umene simudalowe n'komwe, chala chimathamanga kuposa mutu. Wa IT akapempha ndalama zotetezera makina, abwana amamufunsa kuti, "Kodi chabedwa chiyani?" Akayankha kuti palibe, amamuuza kuti ndiye adikire bajeti ya chaka chamawa.

Nkhani imene imandikomera ine ndi ya Maersk, kampani ya ku Denmark ya sitima zapamadzi zonyamula makontena. Mu Juni 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa NotPetya idafalikira kuchokera ku Ukraine, itabisala mu M.E.Doc, pulogalamu yowerengera misonkho imene makampani a kumeneko amagwiritsa ntchito. Uyu sadali khoswe wokambirana naye. Ankanamizira kufuna dipo, koma kiyi adalibe: adangoswa mkhate yekha. Makompyuta a Maersk adazima pa dziko lonse lapansi, malole n'kuunjikana pa madoko. Maseva osunga ndondomeko ya amene ali ndi chilolezo cholowa mu netiweki adafufutika onse, chifukwa onse adali olumikizana, aliyense akukopera mnzake, matenda omwe.

Onse kupatula imodzi. Ku ofesi ya ku Ghana magetsi adali atazima, ndiye seva ya kumeneko idali isali pa netiweki pamene mliri unkadutsa. Adachotsa hard drive yake, munthu n'kuinyamula pa ndege kupita ku Nigeria, wina n'kuilandira kupita nayo ku England komwe akatswiri ankamanganso zonse. Kampani yaikulu chonchija idapulumutsidwa ndi kuzima kwa magetsi! Ngakhale zidatero, idataya madola pafupifupi 300 miliyoni ndipo idachita kukonzanso makompyuta 45,000 ndi maseva 4,000. Chonde musatengerepo phunziro lakuti magetsi akazima ndiye kuti mwatetezeka.

Apa ndi pamene ndikusiyana nawo pang'ono makolo aja. Khoswe sapheka ngati mkhate uli umodzi. Amene ali ndi wina kuseri, wodzaza bwino, amamenya osaphethira. Ndiyo ntchito ya backup, koma ikhale yosungidwa padera, yosalumikizidwa ku netiweki, chifukwa khoswe wa lero akangolowa amayamba wafunafuna backup yomweyo. Ikhalenso yoyesedwa. Alipo ambiri amene amasunga mokhulupirika usiku uliwonse, tsiku la tsoka n'kupeza kuti zaka zonsezi akhala akusunga mphepo.

Ndipo makoswewa sasankha dziko. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adalowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo adati boma silipereka. Amene ankadikira pasipoti nthawi imeneyo akudziwa kutalika kwa masabata amenewo.

Ndiye inu abwana, Lolemba likubwerali itanani wa IT wanu, mumupatse mpando ndi tiyi. Mufunseni kuti ndi anthu angati amene adachoka pa kampani koma akaunti zawo zikugwirabe ntchito, ndiponso kuti backup adaiyesa liti komaliza. Akayamba kukanda m'mutu musamukalipire, musayinireni ndalama zija adapempha chaka chatha.