Malangizo kwa Akatswiri a ku Makwasa Amene Loboti Yawo Imafera Pakompyuta

Chitsegulireni sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo, mu 2014, wophunzira zaumisiri akhoza kupezeka pakhonde kwawo ku Makwasa nthawi ya tchuthi, laputopu yakaunjika ili pamiyendo, akuyendetsa loboti imene sinapangidwe. Ntchitoyi imachitika ndi pulogalamu yoyeserera, monga Webots, Gazebo kapena CoppeliaSim, imene imajambula loboti ndi malo ake n'kumawerengera kulemera, kugundana ndi kuterera kwa zinthu, kuti cholakwika chioneke ndalama zisanapite ku zitsulo. Pulogalamu yotere ikadzitseka yokha loboti isanatambasule n'komwe mkono wothyolera tiyi, pali mwambo umene aliyense wofuna kutchedwa katswiri ayenera kuutsata.

Lamulo loyamba ndi lakuti uthenga wotuluka pa sikirini usawerengedwe. Windows ikafunsa ngati pulogalamu iloledwe kudutsa firewall, umene ndi mpanda wosankha mauthenga olowa ndi otuluka, katswiri weniweni amadina Cancel liwu loyamba lisanathe, popeza kuwerenga ndi khalidwe la ophunzira a chaka choyamba. Sayenera kudziwa kuti kudina kumeneko kumalemba lamulo lotsekereza limene limakhalapobe mpaka wina atalifufuta, kapena kuti zigawo za ROS 2, dongosolo lolumikiza ubongo wa loboti ndi ziwalo zake, zimafunafunana potumizirana mauthenga pa netiweki, kotero kuti zikatsekerezedwa zimangokhala duu, chilichonse chikudikira chinzake.

Lamulo lachiwiri limafuna kuti mlandu ugwere osalakwa, ndipo mwamwayi osalakwa ndi ambiri: magetsi amene anathima dzulo, chinyezi cha chiperoni, mng'ono amene anaonerapo filimu, ngakhalenso nsanje ya anzake a m'kalasi. Chofunika n'chakuti Event Viewer, kaundula amene Windows imalembamo zochitika zonse, asatsegulidwe, chifukwa m'menemo nambala 1000 imatchula fayilo imene inagwetsa pulogalamu, ndipo zikatero mkangano wa pansi pa mtengo umatha msanga. Asatsegulidwenso Protection history, pamene pamaoneka ngati Defender, chitetezo cha Windows cholimbana ndi mavayirasi, yatsekera fayilo yoyendetsa loboti poiyesa vayirasi, kapena ngati Controlled folder access, chitetezo choletsa mapulogamu osadziwika kulemba mu Documents, chakaniza pulogalamuyo kusunga ntchito yake.

Lamulo lachitatu, limene limaperekedwa mwaulemu ndi munthu wovala tayi, ndi kuzimitsa chitetezo chonse. Apa kuseka kuyambe kwaima. Mlonda wa pageti la esiteti akabweza mlendo wopanda chiphaso, bwana wanzeru amalembera mlendoyo chiphaso, sachotsa mlonda n'kugwetsa geti. Windows imalola kuti pulogalamu imodzi yodalirika ipatsidwe chilolezo pa firewall, ndiponso kuti foda imodzi yokha isamafufuzidwe, ndipo zonsezi sizitha mphindi zisanu. Kusiya laputopu yopanda chitetezo pamalo pamene fulashi imodzi imazungulira kobenera nyimbo, kosindikizira mapepala ndi m'nyumba zingapo ndi kupusa, makamaka pamene Microsoft inasiya pa 14 Okutobala 2025 kuthandiza Windows 10, imene makina ambiri akaunjika amayenderabe.

Malamulo otsala safuna kufotokozedwa kwambiri. Pulogalamu iikidwenso kasanu osasintha kalikonse, Run as administrator idinidwe pa chilichonse, ndipo kusunga ntchito pamalo achiwiri kuonedwe ngati kupanda chikhulupiriro. Zonsezi zikakanika, katswiri akwere minibasi ya ku Limbe kukaformatitsa laputopu, kumene ntchito ya miyezi itatu idzafufutidwa pa mtengo wogwirizana. Pobwerera adzaika pulogalamu ija mwatsopano, Windows idzafunsanso za firewall, ndipo lamulo loyamba lidzakhala lisanasinthe.