Chingerezi cha m'kalata ya ngongole ya nyumba

Kalata yochokera ku banki yomwe idabwereketsa munthu ndalama zogulira nyumba imayamba ndi ulemu ngati wa kwa apongozi. Ulemuwo umathera pa mzere woyamba.

Liwu loti outstanding, lomwe aphunzitsi ankalemba pa lipoti la mwana wokhoza bwino, m'kalatamu limatanthauza ngongole yomwe yatsala. Principal si mkulu wa koleji ayi, koma ndalama zenizeni zomwe munthu adakongola, chiwongoladzanja chisanakwerepo. Security nayenso si mlonda wa pageti. Ndi chikole, ndipo chikolecho ndi nyumba yomweyo imene mwini wake wakhalamo uku akuwerenga kalatayo.

Podabwitsa ambiri ndi pa masamu. Munthu amalipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, koma ngongole ili chiimire ngati mwala wa padambo. Chifukwa chake nchakuti chiwongoladzanja amachiwerengera pa ndalama zotsala, choncho m'zaka zoyambirira ndicho chimadya gawo lalikulu la malipiro. Kuno ku Malawi chiwongoladzanjachi chimatsatira reference rate, yomwe mabanki amalengeza mwezi uliwonse. Ikakwera, kalata imangoti malipiro aunikidwanso, zomwe m'chilankhulo cha anthu wamba zikutanthauza kuti akwera.

Liwu loyenera kuliopa ndi arrears, ndalama zomwe tsiku lake lolipira lidadutsa. Likangotulukira, Chingerezi cha banki chimayamba kumveka mwadzidzidzi: ziganizo zafupika, ndipo deti lomaliza alilemba moti aliyense alione ngakhale wopanda magalasi. Kalata yotereyi saibisa pansi pa matiresi. Amapita nayo ku banki tsiku lomwelo.